Wapasa na 6 points? Oxford na Harvard afuna vina pamwamba

Ma results a Grade 12 akatuluka, komboni yonse imadziwa mwana amene watenga 6 points. Ku tchalitchi amakuimika kutsogolo, ba neba ayamba kale kukuitana "ba dokota". Manje iwe maso yako yali ku Oxford, Harvard kapena University of Cape Town. Maloto aya ni abwino, koma mvera ichi usanataye ndalama ya ba mami pa ma fomu: kunja, satifiketi ya ECZ ya Grade 12 amaiwerenga ngati O-level. Ma distinction yako ni chiyambi chabe, ndipo sukulu iliyonse ili na chitseko chake.

Tiyambe na ku Britain. Oxford na Cambridge afuna ma A-level atatu apamwamba, kuyambira AAA kufika A*A*A malinga na kosi, kapena diploma ya IB. Fomu imapita kudzera ku UCAS, tsiku lotsiriza ni 15 October, pafupifupi chaka chathunthu sukulu isanatsegule. Sungalembere zonse ziwiri chaka chimodzi, usankhe imodzi. Ma kosi ambiri ali na mayeso olowera, pambuyo pake intavyu. Ku South Africa nako Grade 12 yeka nthawi zambiri sikwanira, amafunsa A-level kapena AS-level.

Nanga A-level uipeza kuti ngati panyumba ndalama kulibe? Silabasi yatsopano imene inayamba na Form 1 mu 2025 izafika ku A-level pa Form 5 na 6, koma iwe amene wamaliza kale sungayembekeze. African Leadership Academy ku Johannesburg, imene inatsegulidwa mu 2008, imaphunzitsa A-level zaka ziwiri ndipo imathandiza ana osauka pa malipiro. Masukulu a UWC amaphunzitsa IB, ndipo ali na komiti muno mu Zambia imene imasankha ana. Onse awiri amayang'ana zaka zakubadwa, ndiye osachedwa.

Ku America ni nkhani ina. Harvard m'zaka zaposachedwa yakhala ikutenga anthu pafupifupi 4 pa 100 aliyonse olembera, ndipo ambiri okanidwa nawo ni ma namba wani kumasukulu kwawo. Chabwino chake n'chakuti Harvard, Yale, Princeton na MIT sayang'ana thumba lako posankha. Akakutenga, amalipira malinga na kusowa kwa banja lako. Harvard na MIT afuna SAT kapena ACT. SAT mamaki yake yamafika 1600, ndipo ungaphunzire mahala pa Khan Academy, bola bando. Fomu ya Common App imatseguka pa 1 August, ndipo ili na nkhani yolemba wekha ya mawu osapitirira 650. Koma chenjera: kuyambira 2025 malamulo a viza ya America akhala olimba kwa ma Zambian. Usanalipire SAT, funsa ku EducationUSA ku Lusaka mmene vinthu vilili. Malangizo awo ni aulere.

Pa nkhani yolemba ija ni pamene ambiri amagwera. Osakopera pa intaneti, osalemba chizungu cha m'dikishonale. Ngati umagulitsa tomato na ba mbuya ku Soweto Market usanapite ku sukulu, kapena umaphunzitsa ana masamu ku Kanyama, lemba vimenevo, na vimene unaphunzirapo. Osankha amawerenga nkhani masauzande, amakumbukira imene ili na munthu weniweni mkati. Makalata a matitcha nawo apemphe msanga, kwa titcha amene akudziwa bwino, osati amene angolemba "mwana waulemu" basi.

Ngati zitseko izi zakana, njira ya pafupi nayo imafika. Lucy Sichone anaphunzira ku UNZA, ndipo mu 1978 anakhala mzimayi woyamba wa mu Zambia kupata Rhodes Scholarship ya ku Oxford. Dambisa Moyo anayambira ku UNZA, kenako anafika Harvard na Oxford. Digiri yabwino ya UNZA, CBU kapena Mulungushi imatsegula Rhodes, Commonwealth na Chevening. Iyi yomaliza imalipira masters ya chaka chimodzi ku Britain ndipo ifuna kuti unagwirapo nchito zaka ziwiri, ndiye imwe amene muli kale pa nchito mwamva. Chifukwa chake lembera kuno kwathu na loni ya HELSB nthawi imodzi na kunja. Osasiya malo a ku Great East Road chifukwa cha imelo imene ikalibe kubwera.

Chomaliza ni ma ejenti. Wina akakuuza pa WhatsApp kuti "tumiza ka mobile money, malo ku Harvard yalipo", ameneyo ni kawalala. Masukulu aya malo sagulitsa kudzera mwa munthu, ndipo ambiri a ku America amakhululuka ndalama ya fomu ukapempha.

Sabata ino chita vitatu: yamba vya pasipoti, pita ku sukulu yako ukapemphe ma ripoti a Grade 10 mpaka 12, ndipo lemba masiku otsiriza onse pa kalenda ya pakhoma. October sali patali mmene uganizira.