KUTHAMANGA SIKUFIKA: ULENDO WA KU LE MANS NDI GALIMOTO YAKALE

Kwathu galimoto ikakalamba timaikankhira kuseri kwa nyumba, ndipo posakhalitsa nkhuku zimayamba kuikiramo mazira. Koma ku Ulaya kuli anthu amene amasunga magalimoto a zaka 60, ena ofika zaka 100, naŵakonza kuti azithamangabe pa mpikisano monga ankachitira ali atsopano. M'chaka cha 2023 ife tidali ndi mwai wotsagana ndi kagulu kotere kuchokera ku England kupita ku Le Mans, m'dziko la France. Zimene tidaona kumeneko tifuna kugaŵana nanu, makolo ndi achinyamata, pakuti ambiri amayesa kuti mpikisano wa magalimoto ndi nkhani ya liŵiro ndi kulimba mtima basi. Ife tidakapeza kuti ndi nkhani ya kusamala.

MZINDA WA MAOLA 24

Le Mans ndi mzinda umene uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 200 kumwera chakumadzulo kwa Paris. Mbiri yake idabuka m'chaka cha 1923, pamene bungwe la Automobile Club de l'Ouest lidayambitsa mpikisano wa maola 24. Magalimoto amanyamuka Loŵeruka masana, nathamanga usiku wonse kufikira Lamulungu masana, ndipo wopambana ndi amene wayenda mtunda wautali kuposa onse. Oyambitsawo ankafuna kuyesa ngati injini, nyali ndi mabuleki zingapirire ulendo wotere. Njira imene amazungulira ndi ya makilomita 13.6, ndipo mbali yake yaikulu ndi miseu wamba, m'mene masiku ena onse mumadutsa malole ndi mabasi.

M'chaka cha 2002 kudayambika mwambo wina wotchedwa Le Mans Classic, woti magalimoto akale abwerere pa njira yomweyo. Salola galimoto iliyonse, koma ya mtundu umene udapikisanapo kumeneko kale, monga Bentley za m'ma 1920, Jaguar za m'ma 1950, Ferrari, Ford GT40 ndi Porsche 917. Chaka chimene tidapitacho adaŵagaŵa m'magulu asanu ndi limodzi monga mwa msinkhu wao, kuyambira a 1923 mpaka a 1981. Popeza nkhalamba siingathamange tsiku lathunthu, gulu lililonse lidaloŵa katatu m'maola 24, ndipo ulendo uliwonse udatenga mphindi zopitirira pang'ono 40. Mpikisano wa maola 24 unkakwanitsa zaka 100 chaka chimenecho, motero oonerera adaposa 200,000.

ULENDO UMAYAMBA NDI MAPEPALA

M'gulu mwathu mudali mwini galimoto, bambo wa imvi ndithu, mwana wao wamwamuna, amene ankasinthana nawo poyendetsa, amakaniko atatu, mai a m'nyumba, amene ankasunga makalata, wotchi ndi chakudya, ndi ife othandiza kunyamula. Galimoto yathu idapangidwa m'chaka cha 1964, choncho idali m'gulu lachinai, la zaka za 1962 mpaka 1965.

Ntchito yoyamba siidali ya sipanala koma ya cholembera. Dziko la Britain lidatuluka m'bungwe la European Union m'chaka cha 2020, ndipo kuyambira 2021 magulu ooloka ndi katundu wa ntchito amanyamula chikalata chotchedwa ATA Carnet. M'chikalatamo amalemba chinthu chilichonse pamodzi ndi mtengo wake: galimoto, matayala, jeke, mabokosi a masipanala ndi zina zotero. A kasitomu amachidinda potuluka ndi poloŵa, popita ndi pobwerera, ndipo chimene chidatuluka chiyenera kubwerera. Chikasoŵa, mwini wake amalipira msonkho. Mai aja adatha masiku angapo akuŵerenga zitsulo m'galaja.

Galimoto nayonso ili ndi pasipoti yake, yotchedwa Historic Technical Passport, yotsata malamulo a FIA, bungwe loyang'anira mipikisano ya magalimoto pa dziko lonse. M'menemo muli zithunzi ndi miyeso yotsimikiza kuti galimotoyo ili monga idaliri m'masiku ake. Munthu sangabise injini yamakono m'thupi lakale kuti apose anzake.

KUOLOKA NYANJA

Galimoto ya mpikisano siiyenda yokha pa ulendo wotere. Tidaikweza pa ngolo, naimangirira ndi malamba, ndipo galimoto ina idaikoka. Tidakwera sitima ya pamadzi ku Portsmouth, ndipo patatha maola pafupifupi asanu ndi limodzi tidakocheza ku Ouistreham, pafupi ndi mzinda wa Caen. Kuchokera pamenepo kukafika ku Le Mans ndi makilomita pafupifupi 160.

Apa mpamene tidayamba kuona kuti mutu umodzi susenza denga. Ku England amayenda kumanzere kwa mseu monga kwathu ku Malaŵi, koma ku France amayenda kumanja. Tsono woyendetsa galimoto ya ku England amapezeka atakhala cha m'mphepete mwa mseu, osatha kuona bwino zobwera kutsogolo akafuna kupitirira lole. Wokhala pambali pake ndiye amasanduka maso ake. Ngakhale pa mseu wozungulira amazungulira mosemphana ndi m'mene tidazoloŵerera. Makaniko wamkulu adaletsa nthabwala zonse kufikira titazoloŵera, ndipo kaŵiri konse adaimitsa ulendo kuti akhudze malamba ndi kuona ngati matayala a ngolo sadatenthe.

Titafika, galimoto idapita kwa oyesa isadaloledwe kuponda njira. Iwo adayang'ana lamba wa pampando, chozimira moto, thanki ya petulo, nyali, chipeŵa cholimba ndi zovala zosapsa msanga za oyendetsa. Lamba wotere amakhala ndi chaka chake chothera cholembedwa pomwepo. Chikadutsa chakacho amamkana, ngakhale akuoneka watsopano.

MALAMULO ADAGULIDWA NDI MIYOYO

Wina angafunse kuti, kodi kuvuta konseku nkwa chiani? Yankho lili m'mbiri ya malo omwewo. Pa 11 June 1955, galimoto ya Mercedes-Benz imene ankayendetsa Pierre Levegh idaomba ina patsogolo pa malo oonerera, niuluka, ndipo zidutswa zake zidagwera m'khamu. Anthu oposa 80 adafa, pamodzi ndi Levegh yemwe. Palibe ngozi ina ya mpikisano wa magalimoto imene idapha anthu ochuluka chotero. Pambuyo pake adakonzanso malo oimikapo magalimoto ndi oonerera, ndipo dziko la Switzerland lidaletsa mipikisano yotere kwa zaka zambiri.

Padalinso mwambo wa kanyamukidwe. Oyendetsa ankandanda tsidya lina la mseu, ndipo mbendera ikatsika ankathamanga wapansi, nalumphira m'magalimoto, nanyamuka. Pofulumira, ambiri ankapita osamanga lamba. M'chaka cha 1969 Jacky Ickx wa ku Belgium adakana kuthamanga. Iye adayenda pang'onopang'ono, namanga lamba bwinobwino, nanyamuka anzake atapita. Asadamalize nkomwe kuzungulira koyamba, John Woolfe wa ku England adachita ngozi nafa. Tsiku lotsatira Ickx, pamodzi ndi mnzake Jackie Oliver, adapambana pa Ford GT40, kuposa Porsche ya Hans Herrmann ndi mamita pafupifupi 120 okha patatha maola 24. Chaka chotsatira mwambowo udathetsedwa.

Ku Le Mans Classic adauchitabe monga chionetsero. Bambo aja adathamanga ndi anzao a imvi, khamu likusekerera, koma magalimoto adakaimanso kutsogolo, aliyense namanga lamba, ndipo mpikisano weniweni udayamba pambuyo pake. M'mbali mwa njira monse mudali anthu ongodzipereka ogwira mbendera: yachikasu yochenjeza za ngozi, yabuluu youza munthu kuti wina waliŵiro ali kumbuyo, yofiira yoimitsa onse. Wonyoza mbendera amalangidwa, ngakhale akhale wolemera motani.

USIKU PA MULSANNE

Nyengo imeneyo dzuŵa la ku Le Mans limaloŵa cha m'ma 10 koloko usiku. Ulendo wathu wachiŵiri udagwa mdima utagwira, ndipo idali nthaŵi ya mnyamata uja. Pa njirayo pali chigawo choongoka chotchedwa Mulsanne, cha makilomita pafupifupi 6. M'chaka cha 1990 adaikapo makhota aŵiri ochepetsa liŵiro, komabe mpamene injini imalira kufikira mphamvu zake zonse. Nyali za m'chaka cha 1964 nzofooka, ndipo mitengo imaima yakuda mbali zonse.

Mnyamatayo adali atapitirira magalimoto angapo pamene adaona kasingano koonetsa mphamvu ya oyilo kakutsika pang'ono. Injini inkalirabe bwino, ndipo kudatsala mphindi zochepa kuti mpikisano uthe. Akadatha kudzinyenga kuti kasinganoko nkabodza. Koma iye adadziŵa kuti injini yosoŵa oyilo imatentha, zitsulo zake nkugwirana, ndipo nthaŵi zina imaphulika nkumwaza oyilo pa mseu pamene anzake akubwera ndi liŵiro mu mdima. Adachepetsa moto, nabwera nayo pang'onopang'ono kwa amakaniko. Malo onse amene adaŵapeza movutikira adaŵataya.

Atate ake sadamkalipire, koma adamgwira pa phewa. Amakaniko adagona pansi ndi tochi, napeza kuti paipi ya oyilo idang'ambika polumikizira. M'mabokosi mwathu mudalibe ina yofanana nayo. Amene adatithangata adali a m'tenti yoyandikana nafe, anthu a dziko lina amene tinkapikisana nawo, ndipo chilankhulo chao sitinkachimva. Makaniko wao adangoona paipi yong'ambikayo, natsegula bokosi lake, natulutsa ina. Pa mipikisano ya magalimoto akale khalidwe lotere nlofala, chifukwa aliyense amadziŵa kuti maŵa wopempha adzakhala iyeyo. Amakaniko athu adagwira ntchito kufikira mbandakucha. Adatsuka injini, nathira oyilo watsopano, naimvetsera ikulira monga namwino amamvetsera chifuwa cha mwana. Lamulungu galimoto idaloŵa ulendo wachitatu niumaliza.

AMUNA AŴIRI A M'MBIRI

Pamene tinkadikira kuti kuche, makaniko wamkulu adatikumbutsa za amuna aŵiri. Woyamba ndi Levegh yemwe uja. M'chaka cha 1952, zaka zitatu ngozi isadachitike, iye adayendetsa Talbot yekha kwa maola pafupifupi 23, osampatsa mnzake mpata. Adali patsogolo pa onse, koma litatsala ora limodzi lokha injini idaonongeka, ndipo chipambano chidapita kwa ena. Masiku ano malamulo salola munthu mmodzi kuyendetsa nthaŵi yaitali chotero.

Wachiŵiri ndi Hans Herrmann, amene adaphonya chipambano ndi mamita ochepa m'chaka cha 1969. Iye adalonjeza mkazi wake kuti akadzapambana ku Le Mans adzasiya mipikisano. M'chaka cha 1970, mvula ikugwa kwambiri, iye ndi Richard Attwood adapatsa Porsche chipambano chake choyamba kumeneko. Herrmann adasunga lonjezo lake, nasiya ali pa ulemu. Wina adalephera chifukwa chokana kugaŵana ntchito; wina adadziŵa polekezera.

MAU KWA MAKOLO NDI ACHINYAMATA

Sitidabwere ndi chikho. Tidabwera ndi galimoto yamoyo, anthu onse ali bwino, ndipo pa doko katundu yense wa m'chikalata chija adapezeka wokwanira. Tikaŵerengetsa, galimotoyo idapikisana maola osafika atatu, koma kuikonzekera kudatenga miyezi. Khamu limaombera m'manja woyendetsa, pamene mphindi zake 40 zimaima pa nati imene makaniko adamanga usiku wopanda womuona.

Inu achinyamata okonda magalimoto, dziŵani kuti akatswiri aŵa amathamanga pa njira yotsekedwa, yopanda ana opita ku sukulu, njinga kapena mbuzi, pali madokotala ndi ozimitsa moto odikira. Akatuluka pa geti amayenda mwaulemu monga wina aliyense. Wothamangitsa minibasi yodzaza anthu, matayala atatha, asadziyese mnzao wa Ickx, pakuti Ickx adamanga lamba asadanyamuke. Ngati mufuna kufanana nawo, yambani ndi kuona oyilo m'maŵa uliwonse, kumvera chenjezo likadali laling'ono, ndi kuima pamene kuima kukuchititsani manyazi.

Inunso makolo, mwana akakonda kumasula zitsulo musamuyese wolephera. Ku Le Mans tidaona anthu achuma ataima chete, akudikira mau a munthu wa manja akuda ndi girizi, chifukwa odziŵa kukonza kabuleta ndi kumva matenda a injini ndi khutu akusoŵa. Luso lotere lilipo kale m'magalaja a kwathu, m'mene amakaniko amasunga magalimoto okalamba ndi zipangizo zochepa. Chimene mwana wotere afunika ndi sukulu ya ntchito zamanja, mphunzitsi woleza mtima, ndi chizoloŵezi chomanga nati iliyonse mokhulupirika, pakuti pa nati imeneyo padzakwera miyoyo ya anthu.