Tsiku Limodzi pa Doko la Busan

Pali zombo zazikulu zonyamula alendo opita kukaona maiko. Combo cotere ciri ngati mudzi woyandama pa nyanja, pakuti muli zipinda zogona, modyera ndi mabwalo a masewera. Cimayenda usiku, ndipo kukaca cimaima pa doko kuti alendo atsike kukaona mzinda, nabwerere dzuwa lisanalowe. Limodzi la madoko otere ndilo Busan, m'dziko la South Korea, kum'mawa kwa Asia. Ili ndilo doko lalikulu koposa m'dzikomo, ndipo mzinda woposa Busan kukula ndi Seoul wokha.

Mlendo akatsika amayamba wafika ku msika wa Jagalchi, kumene amai amagulitsa nsomba za m'nyanja ya mcere. Pamenepo angalawe mpunga ndi kimchi, ndiyo kabici yothira mcere ndi tsabola imene amaisunga mpaka isase. Adzaonanso kuti mwana polandira cinthu kwa wamkulu amatambasula manja awiri, monga momwe makolo athu atiphunzitsira ife.

Akakweza maso adzaona tinyumba tosanjikizana pa mapiri. Pa nkhondo ya 1950 mpaka 1953, pamene Korea wa kumpoto anamenyana ndi Korea wa kumwera, anthu osawerengeka anathawira ku Busan, pakuti mzindawu sunalandidwe. Posowa malo m'cigwa, anamanga misasa pa zitunda. Kufikira lero dzikolo likali logawika pawiri.

Koma cinthu cimene mlendo wanzeru ayenera kuyang'anitsitsa ndico zilembo zolembedwa pa masitolo ndi pa mabasi. Zilembo zimenezi zimachedwa Hangul, ndipo mbiri yace ndi iyi.

Kale anthu a ku Korea ankalemba ndi zilembo za ku China, zimene ziripo zikwi zambiri. Kuziphunzira kunkatenga zaka, cotero ana a olemera okha ndiwo ankadziwa kuwerenga. Mlimi sankatha kulemba kalata, ngakhale kuwerenga lamulo limene akanamangidwa nalo. Mfumu Sejong inamva cisoni ndi zimenezi. M'caka ca 1443 inakonza zilembo zatsopano 28, nizilengeza kwa anthu mu 1446. Zina inaziumba potsata kaonekedwe ka lilime, mano ndi milomo pamene munthu alankhula, kuti zisabvute kukumbukira. Masiku ano zogwira nchito ndi 24, ndipo mwa izo 10 ndizo za liu, monga a, e, i, o, u athu. Akuluakulu ena anazinyoza, nati nza akazi ndi ana. Koma akazi ndi anthu wamba omwewo ndiwo anazisunga.

Bvuto lalikulu linadza pamene Japan analamulira Korea, kuyambira 1910 mpaka 1945. M'zaka zotsiriza za ulamuliro umenewu cinenero ca Korea cinacotsedwa m'masukulu, ndipo anthu anakakamizidwa kutenga maina a Cijapani. Pamenepo akatswiri ena a cinenero anali kusonkhanitsa mau a makolo ao kuti alembe buku la mau ndi matanthauzo ace. Mu 1942 anagwidwa naponyedwa m'ndende, ndipo awiri a iwo anafera momwemo. Mapepala ao analandidwa, anthu nayesa kuti nchito yonse yatayika. Koma mu 1945, ufulu utabwera, mapepalawo anapezeka m'nyumba yosungiramo katundu pa siteshoni ya njanji ku Seoul. Bukulo linamalizidwa mu 1957. Anthu a ku South Korea amapumula nchito caka ciri conse pa 9 October, kukumbukira zilembo zao.

Madzulo combo cimaliza lipenga, alendo nakwera, magetsi a pa mapiri a Busan nayamba kuyaka pambuyo pao. Tsiku limodzi silikwana kudziwa mtundu wa anthu. Komabe amene anafunsa za zilembo zija amapita atadziwa cimodzi: panali anthu amene analola ndende ndi imfa kuti ana ao awerenge m'cinenero ca amai ao. Inu ana, kumbukirani zimenezi pamene mutsegula buku lanu la Cinyanja.

Mafunso

1. Cifukwa ninji anthu anamanga nyumba pa mapiri a Busan?
2. Mfumu Sejong inafuna kuthandiza yani pokonza zilembo zatsopano?
3. Funsani agogo anu mau asanu a Cinyanja amene simuwadziwa, muwalembe pamodzi ndi matanthauzo ace.