Katswiri Weniweni Ndani? Gawo Lachiwiri: Mtedza wa ku Mchinji

Dzina lakuti katswiri latchipa masiku ano. Wina akakhala pa msonkhano wa masiku atatu napatsidwa kapepala, basi wasanduka katswiri. Wina akaonera kanema pa foni, m'mawa mwake ayamba kulangiza anzake. Komatu ku Mchinji, kumene kale kunkatchedwa Fort Manning, mtedza ndiwo umasiyanitsa wodziwa ndi wongolankhula.

Mayi wolima mtedza kwa Mkanda kapena ku Kapiri sadalira kalendala yokha. Amazula phata limodzi naswa makoko angapo, ndipo akaona kuti m'kati mwa khoko mwayamba kudera, adziwa kuti mbewu yakhwima. Akafulumira kukumba, mtedza ukhala wonyala ndi wopepuka. Akachedwa, wambiri uthothokera m'nthaka youma. Nzeru yotere anaipata pambali pa amake, podzudzulidwa ndi polakwitsa nyengo zambiri. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono diso nalonso lili ndi malire ake. Chuku china chimabala poizoni wotchedwa aflatoxin, amene saoneka, sanunkha, ndipo satha ndi moto wa pachiwaya, koma amaononga chiwindi. Chiyambi cha kudziwika kwake chinali m'chaka cha 1960, pamene nkhukundembo zokwana ngati 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chosakaniza ndi mtedza wochokera ku Brazil. Alimi ambiri ozolowera ntchito amawaza madzi pa makoko kuti afewe poswa, osadziwa kuti chinyezi chimenecho ndicho chimaitana chuku. Apa zaka zambiri za m'munda sizinawapulumutse.

Alimi a bungwe la MASFA, limene lili pansi pa NASFAM, atafuna kugulitsa mtedza wawo ku Ulaya m'zaka za m'ma 2000, anavomera kuti uziyamba wayezedwa, mothandizidwa ndi akatswiri a ICRISAT ku Chitedze. Kunali kudzichepetsa ndithu, munthu wobadwira mu mtedza kulola kuti chipangizo chimutsutse; koma wodziwadi ndiye amafuna yekha kuyesedwa kotere, pamene wonamizira amakuthawa.

Wachinyamata amene wangotsiriza Fomu 4 nafuna luso limeneli akhale nyengo zingapo pambali pa mlimi wodziwa, alembe m'kope tsiku lodzala, lokumba ndi masiku oyanika, kenaka afunse mlangizi wa zaulimi komwe mtedza wake ungayezedwe asanaulonge m'matumba.