Kuika Ubuntu pa Kompyuta Pogwiritsa Nchito Fulashi

Aphunzitsi ndi ana a sukulu nonse, phunziro lathu la lero likunena za pulogalamu yaikulu imene imayendetsa kompyuta, yochedwa operating system. Windows ndi imodzi mwa mapulogalamu otere, ndipo Ubuntu ndi ina. Popanda pulogalamu imeneyi simungathe kulemba, kujambula kapena kutsegula cithunzi pa kompyuta.

Pa 14 October 2025 kampani ya Microsoft inaleka kusamalira Windows 10, ndipo makompyuta ambiri akale sangalandire Windows 11. Makina oterowo musawataye, pakuti mungathe kuikamo Ubuntu, imene ndi yaulere. Inatuluka koyamba mu 2004 motsogoleredwa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzina lake litanthauza umunthu.

Tsono funso nali: kodi tingaike bwanji pulogalamu yoyendetsa kompyuta, pamene kompyutayo ifuna pulogalamu yomweyo kuti iyambe nchito? Ganizirani moto ukazima pa mafuwa. Amai amatuma mwana kukapala khala kwa anansi, ndipo khalalo ndilo limayatsa nkhuni. Fulashi yokonzedwa bwino ili ngati khala limeneli. Kompyuta imayaka kucokera pa fulashiyo, kenaka nkulembera pulogalamu yonse pa disiki yake ya mkati.

Coyamba, pa kompyuta ina yamoyo tengani fayilo ya Ubuntu pa intaneti. Dzina la fayiloyo limathera ndi zilembo ISO. Caciwiri, pezani fulashi ya 16 GB ndi kulembapo fayiloyo pogwiritsa nchito pulogalamu yaing'ono monga Rufus. Kungokopera fayilo pa fulashi monga mucitira ndi nyimbo sikukwanira ai, cifukwa kompyuta siidzapeza poyambira. Dziwaninso kuti zonse zimene zinali pa fulashiyo zidzafafanizika.

Cacitatu, lowetsani fulashi m'kompyuta imene mufuna kukonza, ndipo poiyatsa dinizani batani lotsegula mndandanda wa poyambira. Pa makompyuta ena ndi F12, pa ena ndi Esc kapena F9. Sankhani dzina la fulashi. Pambuyo pake mudzaona mau awiri, Try Ubuntu ndi Install Ubuntu. Oyambawo akulolani kuyesa pulogalamuyo osasintha kanthu pa disiki. Yesani ngati mau akumveka ndiponso ngati intaneti ikugwira.

Apa ndipo pafunika kusamala kwambiri. Mukasankha Install Ubuntu, kompyuta idzakufunsani za disiki. Mau akuti Erase disk atanthauza kufafaniza zonse: maina a ana, zotsatira za mayeso, makalata a sukulu. Conco, aphunzitsi, yambani mwasunga zinthu zimenezi pa fulashi ina, ndipo tsegulani kuti muone ngati zakoperedwadi. Sankhaninso nthawi imene magetsi sangazime, pakuti akazima nchito ili pakati mudzayambiranso poyamba. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Nchito ikatha, cotsani fulashi ndi kuyatsanso kompyuta. Tsopano idzayaka yokha.

Ana inu, yankhani mafunso awa m'mabuku anu: Kodi ncifukwa ciani kungokopera fayilo pa fulashi sikukwanira? Nanga tiyenera kucita ciani tisanasankhe Erase disk?