NKHONGOLE YA MATENDA: ZIMENE BANJA LIYENERA KUDZIWA

Matenda sapangana ndi munthu. Amafika pakati pa mwezi pamene malipiro anatha kale, ndipo mabanja ambiri m'Chawama, Kanyama, George ndi makomboni ena a mu Lusaka amapeza kuti wodwala wacira koma nyumba yatsala m'nkhongole. Nkofunika tsono kudziwa kumene nkhongole yotere icokera, zimene lamulo linena pa anthu olonjerera ndalama, ndiponso m'mene dzina la munthu liwonongekera ku mabanki.

KODI NKHONGOLE ICOKERA KUTI?

Boma linayamba kulipiritsa odwala m'zipatala zake mu 1993. Malipiro amenewa anacotsedwa kumidzi mu 2006, ndipo mu 2012 anacotsedwa m'makiliniki ndi m'zipatala zazing'ono za boma m'dziko lonse. Mankhwala a TB ndi ma ARV apatsidwa mwaulere. Komabe ndalama zimatuluka ndithu. Mankhwala akasowa ku cipatala, wodwala apatsidwa pepala lokagulira ku kemisiti. Makina akafa, atumizidwa kukajambulitsa kapena kukapimitsa magazi ku cipatala ca pulaiveti. Pali ndalama ya galimoto yopita ku UTH usiku, cakudya ca wodwala ndi womudwazika, ndiponso masiku amene ntemba kapena tebulo la pamsika likhala lotseka. Cotero nkhongole yambiri ya matenda siikhala ku cipatala kwenikweni ai, koma kwa munthu kapena kampani imene inakongoza ndalama zolipirira zinthu zimenezi.

MITUNDU ITATU YA NKHONGOLE

Woyamba ndi bilu yotsalira ku cipatala ca pulaiveti kapena ku wodi yolipira ya cipatala cacikulu. Waciwiri ndi loni ya ku banki, ya ku makampani okongoza ndalama, kapena ya pa foni. Wacitatu ndi kaloba. Uliwonse uli ndi ngozi yake.

Kaloba ndiye amapha msanga. Mwacitsanzo, munthu akatenga K1,000 pa pangano lakuti aonjezepo theka pa mwezi, mwezi woyamba ukatha abweza K1,500. Akalephera, ndipo mwini ndalama nkuwerengera pa zonse, mwezi waciwiri ikhala K2,250 ndipo wacitatu K3,375. Lamulo la Money Lenders Act lifuna kuti wocita malonda okongoza ndalama akhale ndi cilolezo, ndipo ciwongola dzanja copitirira 48 peresenti pa caka khoti liciona ngati conyanya. Pa K1,000 imeneyo ndi K480 pa caka conse, kapena K40 pa mwezi. Kusiyana kwake nkoonekeratu.

DZINA KU MABANKI

M'Zambia muli kampani yosunga mbiri ya okongola ndalama, yodziwika ndi dzina lakuti TransUnion, imene iyang'aniridwa ndi Bank of Zambia. Kuyambira mu 2008 mabanki ndi makampani okongoza ndalama amene ali pansi pa Bank of Zambia alamulidwa kutumiza kumeneko maina a okongola ndi kabwezedwe kao, ndiponso kufunsako asanapereke loni. Mu 2018 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Credit Reporting Act loyendetsa nchito imeneyi.

Tanthauzo lake ndi lakuti loni yaing'ono imene inatengedwa kugulira mankhwala, ikasiyidwa osabweza, ingathe kutsekereza munthu patapita zaka pamene afuna ndalama za bizinesi, za sukulu kapena zomalizira nyumba. Kutaya simu khadi sikufafaniza nkhongole, pakuti dzina limangidwa ku nambala ya NRC. Kaloba wa m'komboni kawiri-kawiri safika ku TransUnion, koma m'malo mwake atenga filiji, TV kapena mapepala a nyumba.

Lamulo lipatsa munthu ufulu woona lipoti lake kwaulere kamodzi pa caka, ndiponso wotsutsa zolembedwa molakwa. Amene anamaliza kubweza asunge lisiti, apemphe kalata yotsimikiza kuti nkhongole inatha, ndipo aonetsetse kuti lipoti lake lakonzedwa. Wokongoza akakana kukonza, dandaulo lipite ku Bank of Zambia.

OLONJERERA AKAFIKA PAKHOMO

Cipatala kapena kampani ingathe kutuma anthu ena kudzalonjerera ndalama. Anthu amenewa ali ndi ufulu wokumbutsa, wolemba makalata ndi wotengera nkhani ku khoti. Alibe ufulu wothyola citseko, womenya kapena woopseza ana. Nkhongole wamba ndi mlandu wa pakati pa anthu awiri umene uweruzidwa ku khoti, si mlandu wotsekera munthu m'selo ya polisi. Koma kuopseza ndi kumenya ndiyo milandu ya polisi, ndipo wocitiridwa zotere akanene.

Olanda katundu cifukwa ca ciweruzo ndi mabelifi a ofesi ya Sheriff, atanyamula pepala la khoti. Mwini nyumba ali ndi ufulu wopempha kuona pepalalo ndi ziphaso zao.

Samoni ya khoti siyenera kubisidwa pansi pa matilesi. Munthu akapanda kupita, mlandu ungaweruzidwe iye kulibe, ndipo ndipamene katundu amapita. Akapita nafotokoza za matenda ndi zimene apeza pa mwezi, angathe kupempha khoti kuti limulole kubweza pang'ono-pang'ono. Ku Small Claims Court munthu adzilankhulira yekha popanda loya. Wosowa ndalama za loya pa milandu ina apite ku Legal Aid Board.

ZOYENERA KUCITA

Coyamba, banja lilembe pa pepala limodzi nkhongole zonse: mwini wake, ndalama imene inatengedwa, imene yabwezedwa kale ndi ciwongola dzanja.

Caciwiri, pa bilu ya cipatala apemphe pepala losonyeza cinthu ciliconse ndi mtengo wake, kuti aone ngati sanalembedwe mankhwala kapena masiku amene wodwala sanalandire. Dandaulo lokhudza cipatala ca pulaiveti lingapite ku Health Professions Council of Zambia, bungwe limene lipereka zilolezo ku zipatala zotere.

Cacitatu, wokongola apite yekha kwa mwini ndalama asanafunidwe. Alonjeze ndalama imene angakwanitse pa mwezi atacotsa ya nyumba ndi ya ufa, ndipo pangano lilembedwe, pakhale mboni. Ndalama iliyonse yobwezedwa ikhale ndi lisiti kapena uthenga wa pa foni wosungidwa.

Cacinai, asatenge kaloba kuti atseke loni ina. Kumeneko ndi kukumba dzenje lina pofuna kukwirira loyamba. Asasiye khadi la ATM ndi nambala yake yacinsinsi, NRC kapena mapepala a nyumba m'manja mwa wokongoza.

Cacisanu, m'zipatala zazikulu za boma monga UTH muli ofesi ya Social Welfare yothandiza odwala osowa. Ndi bwino kukaonana nao wodwala akali m'wodi, bilu isanakule.

KUPEWA

Pansi pa lamulo la 2018, bungwe la NHIMA linayamba mu 2019 kuyendetsa inshuwalansi ya zaumoyo. Wolembedwa nchito adulidwa 1 peresenti ya malipiro ndipo abwana aonjezapo 1 peresenti. Ogulitsa pamsika, oyendetsa mabasi ndi ena odzilemba okha nchito angathe kulembetsa nkumalipira okha. Membala alembetsenso mkazi kapena mwamuna wake ndi ana, ndipo asanalandire thandizo afunse ngati cipatalaco kapena kemisitiyo ilandira NHIMA. Magulu a cilimba ndi a banki ya m'mudzi acita bwino akamapatula kathumba ka matenda ndi maliro.

MANKHWALA ASALEKEDWE

Ngozi yoposa zonse ndi yakuti wodwala, pocita manyazi kapena mantha ndi nkhongole, aleka kupita ku cipatala. Wa BP akaleka mapilisi angathe kufa ziwalo. Wa shuga angathe kukomoka, kucita khungu kapena kudulidwa phazi. Wa TB akalekeza mankhwala miyezi 6 isanakwane, tizilombo timalimba ndipo matenda afalikira kwa ana m'nyumba. Cimodzi-modzinso ndi ma ARV. Matenda obwerera adya ndalama zambiri kuposa oyamba.

Nkhongole ya kwina siiletsa munthu kuonedwa ku Chawama Level One Hospital kapena ku kiliniki ya boma. Wodwala auze dokotala kapena anamwino poyera kuti alibe ndalama zogulira mankhwala amene alembedwa, pakuti nthawi zina pamakhala mtundu wina wochipa kapena umene ulipo m'cipatala. Amene akusowa tulo, kudya kapena mtendere cifukwa ca nkhawa ya nkhongole anenenso, cifukwa amenewonso ndi matenda ofuna thandizo.