Kutentha kukudya chonde m'minda ya kwa Maseya

Mukayenda m'minda ya kwa Mfumu Yaikulu Maseya ku Chikwawa mwezi wa Okutobala, mumapeza dothi la makande litachita ming'alu yolowa dzanja. Alimi amakhala atasosa kale, mapesi a mapira ndi mchewere atawaunjika n'kuwatentha. Chotsala ndi phulusa, ndipo dothi limakhala pamtetete, dzuwa likuswa mtengo, kutentha kukupitirira madigiri 40.

Chonde chimachokera ku masamba, mizu ndi ndowe zowolerana, ndipo pafupifupi theka la zowolazi ndi kaboni. Ndi zimene zimafewetsa dothi ndi kusunga chinyezi. M'dothimo muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timadya zowolazi, n'kumapereka chakudya ku mbewu, kwinaku tikutulutsa kaboni uja ngati mpweya.

Kukatentha, tizilomboti timadya mwaliwiro. Akatswiri a zanthaka anapeza kuti kutentha kukakwera ndi madigiri 10, dothi lili lonyowa, kuwola kumafulumira pafupifupi kawiri. N'chifukwa chake manyowa amene ku Dedza angakhalitse m'munda, kuchigwa kuno amatha msanga, makamaka mvula yoyamba ikangogwa padothi lotentha.

Kasinthidwe ka malo kamawonjezera vutoli. Pamene panali nkhalango ya tsanya, masamba ankayoyoka chaka ndi chaka, mthunzi n'kumaziziritsa dothi. Mitengo ikathera kumakala, khasu n'kulowa, dothi limatembenuzidwa, mpweya umalowa ndipo tizilombo tija timamaliza msanga nkhokwe imene inatenga zaka zambiri kudzaza. M'maiko otentha, nkhalango ikasanduka munda, dothi limatha kutaya kotala la kaboni wake kapena kuposerapo. Dothi lotere silichedwa kukokoloka, monga tinaonera pa namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023.

Ngalande yaikulu yochokera ku Kapichira ikulonjeza ulimi wa chaka chonse kuchigwa. Ndi mwayi waukulu, koma chinyezi chosatha pamalo otentha chimatanthauzanso kuwola kosalekeza. Dothi lothiriridwa liyenera kudyetsedwa kwambiri.

Mankhwala ake tili nawo pakhomo. Mapesi tiziphimbira m'munda m'malo mowatentha, ndowe za m'khola tizizibweza kumunda, tizidzala nandolo ndi khobwe pakati pa mapira, ndipo mitengo ya nsangu tiziisiya ikule. Feteleza amadyetsa mbewu ya chaka chimodzi, koma sabwezeretsa zowolerana m'dothi. Alimi anzanga a kwa Maseya, chaka chino mapesi asapse.