Kuzoloweretsa Injini ya Njinga Yamoto ya Matayala Atatu Ikangokonzedwa

Njinga yamoto ya matayala atatu, ija yokhala ndi bokosi la katundu kumbuyo, yayamba kugwira ntchito imene kale inali ya ngolo: kututa feteleza, manyowa, chimanga ndi mabelo a fodya kuchokera kumudzi kukafika pamsewu waukulu. Injini yake ikatopa, n'kuyamba kufuka utsi ndi kumwa oyilo, mumapita nayo kwa makaniko. Iye amakuza silinda, n'kuikamo pisitoni ndi maring'i atsopano. Ndalama yake si yamasewera, ndipo nthawi zambiri imachoka m'thumba la gulu.

Phunziro lino likufotokoza mmene mungayendetsere njingayo pa makilomita 1,000 oyamba. Mukalakwitsa pamenepa, mudzabwerera kwa makaniko msika wa fodya usanatseke.

N'chifukwa chiyani injini yokonzedwa imafuna kuizoloweretsa?

Maring'i ndi timikombero tachitsulo timene timavekedwa pa pisitoni. Ntchito yake ndi kutseka mpata pakati pa pisitoni ndi khoma la silinda, kuti mphamvu ya moto isathawire pansi, komanso oyilo asakwere kukapsa ndi petulo.

Makaniko akamaliza kukuza silinda amasiya dala timizere ting'onoting'ono topingasana pakhoma pake. Timizereti timasunga oyilo, ndipo timapala maring'i pang'onopang'ono mpaka ziwirizi zitagwirana bwino. Kupalanaku kumatulutsa kutentha kwambiri ndi tizitsulo tosalala ngati ufa. Mukaisenzetsa katundu wolemera nthawi imeneyi, pisitoni imafufuma ndi kutentha, imakanda khoma, mwinanso kugwira osayendanso. Mukangoisiyanso ikulira pamalo amodzi kwa nthawi yaitali, khoma limaterera ngati galasi maring'i asanakhazikike, ndipo injiniyo idzamwa oyilo mpaka mudzaitsegulenso.

Kumbukirani mmene mumaphunzitsira ng'ombe zokoka. Simuzimangirira ngolo yodzaza tsiku loyamba, komanso simuzisiya m'khola. Zimayamba ndi chipika, kenako ngolo yopanda kanthu, katundu n'kumawonjezeka pambuyo.

Musanachoke kwa makaniko

1. Funsani zimene wasintha, ndipo akupatseni zitsulo zakale.
2. Imikani njinga pamalo osapendekeka ndi kuona ngati oyilo wafika pamlingo.
3. Oyilo akhale watsopano, wa njinga zamoto, wochokera m'botolo lotseka. Injini zambiri zamtunduwu zimafuna wolembedwa 4T 20W-50, chifukwa oyilo yemweyo ndi amene amanyowetsanso kilachi.
4. Lizani injini kwa mphindi 5 osaikalipitsa. Mvetserani kulira kwake, ndipo yang'anani ngati pali podontha.
5. Izimitseni, izizire mpaka muthe kuigwira ndi dzanja. Bwerezani kawiri kapena katatu musanayambe ulendo.

Magawo atatu a kuzoloweretsa

Ngati buku la njinga yanu lilipo, tsatirani manambala ake. Ngati linatayika, tsatirani awa.

*Makilomita 0 mpaka 100.* Woyendetsa akhale yekha, bokosi lopanda kanthu. Musapotoze moto kupitirira theka. Muzisinthasintha liwiro ndi magiya: onjezani moto pang'ono, kenako bwezani, osayenda liwiro limodzi mtunda wautali. Pakatha mphindi 20 kapena 30, imani pamthunzi injini ipume. Mukakwanitsa makilomita 100, khuthulani oyilo akadali wofunda ndi kuthira watsopano. Oyilo woyambayu ndi amene amanyamula tizitsulo tambiri.

*Makilomita 100 mpaka 500.* Yambani kunyamula katundu wopepuka, monga matumba awiri kapena atatu a makilogalamu 50. Sankhani njira zouma ndi zosakwera kwambiri. Pa makilomita 500 sinthaninso oyilo, ndipo bwererani kwa makaniko akayeze mpata wa mavalavu ndi kumangitsa mabawuti a pamutu pa injini. Ntchito imeneyi imachitika injini itazizira.

*Makilomita 500 mpaka 1,000.* Onjezerani katundu sabata ndi sabata, koma osadzaza. Pa makilomita 1,000 sinthani oyilo kachitatu. Kuyambira pamenepa njinga ingathe kusenza mlingo umene anailembera ku fakitale, osapitirira.

Ngati mita yowerenga mtunda inafa, gwiritsani ntchito maulendo amene mukudziwa kutalika kwake ndi kumawalemba m'kope. Pofanizira, kuchoka pa boma la Kasungu kufika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 130.

Adani atatu a injini kuno kwathu

*Mchenga ndi matope.* Njira zathu zambiri ndi zamchenga, zina zimadutsa m'madambo. Njinga ikamalimbana ndi mchenga imagwira ntchito yaikulu koma ikuyenda pang'onopang'ono, choncho mphepo yoiziziritsa imachepa. Tsitsani giya musanalowe mumchenga kapena musanayambe chitunda. Mukamva injini ikugogoda ndi kunjenjemera muli pa giya yaikulu, ndiye kuti mukuipweteka. Mukatitimira, tsitsani katundu ndi kukankha, osakalipitsa injini. Chotsani matope ouma pa zipsepse za injini, chifukwa ndi zimene zimatulutsa kutentha. Ngati yanu ndi yoyendera madzi, onani madzi mu radiyeta m'mawa uliwonse injini isanalire.

*Fumbi.* Fumbi likalowa mu silinda limapala ngati sandipepa. Tsegulani sefa ya mpweya kawiri pa sabata nthawi yachilimwe. Ngati ndi ya siponji, itsukeni ndi sopo, iume, muipake oyilo pang'ono ndi kuifinya. Ngati ndi ya pepala, igogodeni kapena gulani ina, osaitsuka. Onaninso paipi yochokera ku sefa kupita ku kabureta: ikang'ambika, fumbi limalowa molambalala sefa. Musayende pafupi kumbuyo kwa lole pamsewu wafumbi.

*Changu.* Uyu ndiye mdani wamkulu. Belo limodzi la fodya limalemera pafupifupi makilogalamu 100. Mabelo akamangidwa, lole yopita ku Chinkhoma ikudikira pamsewu, palibe amene amafuna kumva zoti njinga inyamule limodzi lokha. N'chifukwa chake nthawi yokonzetsa injini muziisankha mosamala. Njinga yoyenda makilomita 40 patsiku imafuna masiku 25 kuti ikwanitse makilomita 1,000. Msika wa fodya umatsegulidwa cha mu April, choncho injini ikhale itatuluka kwa makaniko mwezi wathunthu izi zisanachitike. Nthawi ina yabwino ndi msika ukangotseka, ndalama zikadalipo, ntchito yotuta feteleza isanayambe.

Zizindikiro zoti muime

Kautsi kobiriwira masiku oyamba n'kosadabwitsa, koma kazichepa tsiku ndi tsiku. Zimitsani injini ndi kuitana makaniko mukaona izi:

- utsi ukuchulukirachulukira kapena sukutha patapita makilomita 500;
- phokoso lachitsulo limene likukula mukawonjezera moto;
- mphamvu yatha mwadzidzidzi injini itatentha;
- oyilo akudontha pamutu pa injini, kapena akutsika msanga;
- oyilo wayera ngati tiyi wamkaka, kusonyeza kuti mwalowa madzi.

Musathire madzi ozizira pa injini yotentha. Chitsulo chingapindike kapena kung'aluka.

Zoti gulu ligwirizane

Njinga ya gulu ikhale ndi woyendetsa mmodzi mpaka itakwanitsa makilomita 1,000, ndipo isabwerekedwe kapena kuchita hayala, kupatula pa matenda. Ndalama ya oyilo wosintha katatu muiwerengere pamodzi ndi ya makaniko. Kope la maulendo likhale ndi mlembi. Petulo ndi oyilo asakhale pafupi ndi mabelo, chifukwa fodya amatenga fungo ndipo angabwezedwe kumsika. Oyilo wakutha musamutaye kudimba kapena pafupi ndi chitsime.

Ntchito yochitira pamodzi

Posintha oyilo pa makilomita 100, 500 ndi 1,000, sungani pang'ono m'mabotolo atatu oonekera mkati, ndipo lembani tsiku pa botolo lililonse. Pamsonkhano wa sukulu, thirani aliyense m'mbale yoyera, muyang'ane padzuwa, kenako muviikemo maginito a sipika ya wailesi yakale. Oyilo woyamba azinyezimira ndi ufa wachitsulo, wachiwiri pang'ono, wachitatu pafupifupi osaoneka kanthu. Mukapeza tizibenthu toti n'kugwira ndi zala, njinga isayendenso mpaka makaniko aione.

Mafunso okambirana

1. Ndi njira ziti m'dera lathu zimene njinga yongokonzedwa iyenera kupewa?
2. Ndi mwezi uti umene gulu lathu lingakonzetse injini osasokoneza ntchito?
3. Membala akaumirira kudzaza mabelo nthawi isanakwane, tidzachita chiyani? Nanga injini ikafa, adzalipira ndani?